Mvula ya ku England, zonyansa m'mitsinje, ndi nkhani ya mwini mapaipi

Kuyambira Okutobala 2022 mpaka Malichi 2024, ku England kunagwa mvula yochuluka kuposa ya miyezi 18 iliyonse yotsatizana chiyambire kulemba za nyengo mu 1836. Bungwe la zanyengo la Met Office linati inafika pafupifupi mamilimita 1,696. Mvula yake si ya mabingu ija yongokhuthuka ola limodzi dzuwa n'kuwalanso. Ndi mvumbi wa masiku ambiri, wogwa nthawi yozizira, pomwe dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mitengo itayoyoka masamba, popanda chowumitsa nthaka. Nthaka ikakhuta, dontho lililonse lobwera pambuyo limangoyenderera pamwamba. N'chifukwa chake namondwe Henk wa mu Januwale 2024 anasefukiritsa mitsinje ya Trent ndi Severn: anapeza dziko litanyowa kale ndi namondwe Babet wa mu Okutobala 2023.

Zoterezi zikubwera pafupipafupi. Mu nyengo yozizira ya 2013 mpaka 2014 madambo a Somerset Levels anakhala m'madzi kwa milungu yambiri. Mu Disembala 2015 namondwe Desmond anakhuthula mamilimita 341 pa maola 24 okha pa Honister Pass. Febuluwale wa 2020 anali wamvula kuposa Febuluwale aliyense m'mbiri ya zolemba za dzikolo. Asayansi amafotokoza mwachidule: mpweya ukatentherako ndi digiri imodzi, umanyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndipo chinyezicho chiyenera kugwa penapake.

Kwa munthu wokhala m'nyumba ya lendi, monga ambiri mwa abale athu amene akugwira ntchito zosamalira okalamba ndi odwala kumeneko, nkhondo yoyamba si ya mtsinje koma ya m'chipinda. Zovala sizingayanikidwe panja, ndiye zimayanikidwa m'nyumba. Mawindo ndi otseka poopa kuzizira, ndipo chotenthetsera m'nyumba chimayatsidwa mowerengera chifukwa gasi ndi wodula. M'mawa galasi la windo limapezeka lili chuchuchu, madzi atadikha pamphepete pake. Pakapita milungu, kuseri kwa wadiropu ndi m'makona a denga kumatuluka timadontho takuda, nsapato zomwe zili pansi pa bedi zimachita nkhungu, ndipo mwana amayamba kutsokomola usiku. Chithandizo chake n'chodziwika ngakhale n'chotopetsa: kupukuta mawindo m'mawa uliwonse, kutsegula windo kwa mphindi zingapo ngakhale kukuzizira, kuvundikira mapoto pophika, kuyatsa fani ya m'bafa, kusiya mpata pakati pa mipando ndi khoma, ndipo ngati thumba lilola, kugula kamakina koyamwa chinyezi. Koma ngati madzi akulowa chifukwa cha denga lothonya kapena khoma long'aluka, imeneyo ndi ntchito ya mwini nyumba, ndipo ndi bwino kumuuza polemba, ndi zithunzi, osati pakamwa pokha. Nkhungu si nkhani yocheza: mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba, ndipo imfa yake inabala lamulo lotchedwa Awaab's Law, lomwe kuyambira Okutobala 2025 likukakamiza eni nyumba za makhonsolo ndi za mabungwe a nyumba kukonza vutoli m'masiku oikika.

Amene ali pafupi ndi mtsinje amalembetsa kuti Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, izimutumizira machenjezo pafoni, amasunga mapasipoti ndi mapepala a viza pamalo okwera, ndipo amadziwiratu pozimitsira magetsi ndi gasi. Inshulansi ya mwini nyumba siteteza katundu wa wochita lendi. Aliyense amadzigulira yake. Kuyambira 2016 pali dongosolo la Flood Re lothandiza kuti inshulansi ya nyumba za m'malo osefukira isakwere mopitirira, koma silikhudza nyumba zomangidwa kuyambira 2009, ndipo lidzatha mu 2039.

Tsiku lomwe madzi alowa m'nyumba ndi lomwe munthu amazindikira kuti madzi a ku England alibe mwini mmodzi. Ngati achokera mumtsinje waukulu kapena m'nyanja, ndi a Environment Agency. Ngati ndi mvula yoyenderera mumsewu, ndi a khonsolo. Ngati akutumphuka m'chimbudzi kapena pa chivundikiro cha ngalande ya pansi, ndi a kampani ya madzi. Koma madzi akafika m'khitchini amakhala atasakanikirana, ndipo ofesi iliyonse imatha kuloza inzake chala. Pa atatuwa, amene anthu akwiya naye kwambiri ndi kampani ya madzi, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kulowa pansi pa msewu.

M'matauni akale a ku Britain, paipi yomwe imanyamula za m'chimbudzi ndi yomweyonso imalandira madzi a mvula ochokera pamadenga ndi m'misewu. Ya ku London inamangidwa ndi injiniya Joseph Bazalgette pambuyo pa chaka cha 1858, pomwe fungo la mtsinje wa Thames linathawitsa aphungu m'zipinda zawo ku Westminster. Anaimangira anthu pafupifupi 4 miliyoni. Lero mzindawu uli ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni, ndipo malo ambiri omwe ankamwa mvula anawaka konkire. Mvula ikachuluka, paipi imadzaza. Kuti zonyansazo zisabwerere m'nyumba za anthu, omanga anasiya timakomo totayira mumtsinje kapena m'nyanja. Ku England timakomo totere tilipo toposa 14,000. Lamulo limalola kuti titseguke pa mvula yoopsa yokha.

Mu 2022, chaka chouma, timakomoti tinataya zonyansa kwa maola 1.75 miliyoni. Mu 2023 anafika maola 3.6 miliyoni, pa maulendo oposa 464,000, ndipo 2024 sinasiyane kwenikweni. Makampani anati vuto ndi mvula, anatinso ziwerengero zakwera chifukwa timakina toyezera tinaikidwa pa kakomo kalikonse pofika kumapeto kwa 2023, pomwe mu 2010 tinali pa 7 peresenti yokha. Zonsezi n'zoona. Komatu mvula ikakuona litsiro siikata. Kafukufuku wa BBC mu 2023 anapeza zizindikiro zakuti Thames Water, Wessex Water ndi Southern Water ankataya zonyansa ngakhale masiku opanda mvula. Mu 2021 khoti linalipiritsa Southern Water £90 miliyoni chifukwa chotaya zonyansa mwadala m'nyanja kwa zaka zingapo. Ndipo khoti la European Union linali litagamula kale mu 2012 kuti Britain ikuphwanya lamulo ku London ndi ku Whitburn. Chomwe mvula inachita ndi kuvundukula mapaipi ong'aluka omwe madzi a pansi pa nthaka amalowamo, mathanki osungira ochepa, ndi malo oyeretsera zonyansa omwe sanakulitsidwe pamene matauni ankakula. M'midzi ina ya kumwera, komwe nthaka yake ndi ya choko, magalimoto a mathanki amachezera usiku wonse kupopa zonyansa m'ngalande kwa milungu, anthu akugona ndi phokoso la injini pakhomo. Anthu nawonso ali ndi mbali yawo: mafuta ophikira othiridwa mu sinki ndi tinsalu tonyowa topukutira totayidwa m'chimbudzi zinapanga chimulu cholemera matani 130 chomwe chinatseka ngalande ya ku Whitechapel mu 2017.

Chodabwitsa china n'chakuti dziko lomwe limamira mu Januwale limaletsa anthu kuthirira maluwa ndi paipi mu Ogasiti, monga zinachitikira mu 2022 ndi 2025. Damu lalikulu lomaliza kumangidwa ku England ndi la Carsington, lomwe linatsegulidwa mu 1992, ndipo lotsatira, la Havant Thicket, likumangidwa kumene. Pamwamba pa apo, malita pafupifupi 3 biliyoni amatayika tsiku lililonse m'mapaipi othonya, gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi onse oyeretsedwa.

Ndiye ndalama zomwe anthu akhala akulipira zaka zonsezi zinapita kuti?

Mpaka 1989 madzi ambiri a ku England ndi Wales anali m'manja mwa mabungwe 10 a boma, omwe anakhazikitsidwa mu 1974 motsatira zigwa za mitsinje. Sitinganame kuti zinthu zinali bwino. Boma linkawaletsa kubwereka ndalama zokwanira, mapaipi ankaola, magombe anali akuda, ndipo malamulo a ku Ulaya ankafuna ndalama zambiri zokonzera. Boma la Margaret Thatcher linasankha kuwagulitsa. Linawakhululukira ngongole pafupifupi £5 biliyoni, linawapatsanso ndalama zoyambira zoposa £1 biliyoni, ndipo masheya anagulitsidwa kumapeto kwa chakacho. Mfundo yake inali yakuti makampani adzabwereka pa msika popanda kupikisana ndi zipatala ndi masukulu pa thumba la boma.

Panali vuto limodzi lomwe aliyense ankaliona. Wogula foni akhoza kusintha kampani. Wa madzi sangathe, chifukwa paipi yofika pakhomo ndi imodzi. Choncho boma linakhazikitsa Ofwat, bungwe loyang'anira makampani a madzi, kuti izichita ntchito yomwe mpikisano ukanachita: zaka zisanu zilizonse imagamula mitengo yomwe kampani ingalipiritse, kutengera ndalama zoyendetsera ntchito ndi phindu loyenera pa chuma chomwe kampaniyo yaika m'mapaipi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi poyenera kuyenda pang'onopang'ono.

Kampani ya madzi ili ndi makasitomala omwe sangathawe, ndalama zolowa mwezi ndi mwezi mosalephera, ndi mitengo yomwe imakwera limodzi ndi kukwera kwa zinthu. Kwa wobwereketsa ndalama, palibe chikole chokoma kuposa chimenechi. Amalonda a zachuma atazindikira izi m'zaka za m'ma 2000, anayamba kugula makampaniwa ndi ndalama zangongole, kenako ngongoleyo n'kuisenzetsa kampani yomwe agulayo. Zili ngati munthu wogula chigayo cha m'mudzi ndi ngongole, n'kupinyolitsa chigayocho kuti atenge ngongole ina, ndalamazo n'kumangira nyumba yake kutauni, podziwa kuti anthu alibe kwina kogayitsa ndipo ndi iwo adzabweze kudzera pa mtengo wa chigayo. Ofwat inkawerengera phindu poganizira kampani yokhala ndi ngongole yapakatikati, koma sinaletse eni ake kubwereka kuposa pamenepo. Kwa zaka zambiri chiwongoladzanja chenicheni chinali chotsika kuposa chomwe Ofwat inayerekeza, ndipo kusiyanako kunkalowa m'thumba la eni masheya. Makampani omwe anayamba opanda ngongole mu 1989 lero ali ndi ngongole yoposa £60 biliyoni, pomwe phindu lomwe agawira eni masheya pa zaka zomwezo likuposa £50 biliyoni ngakhale pa kuwerengera kotsika.

Thames Water, yomwe imatumikira anthu pafupifupi 16 miliyoni, ndi chitsanzo chofika pamapeto. Mu 2001 inagulidwa ndi RWE ya ku Germany, ndipo mu 2006 inapita kwa gulu lotsogozedwa ndi banki ya Macquarie ya ku Australia. Pomwe Macquarie inkachoka mu 2017, ngongole inali itachoka pa £3 biliyoni ndi kanthu kufika pa zoposa £10 biliyoni. Chaka chomwecho khoti linalipiritsa Thames Water £20 miliyoni chifukwa chothira zonyansa mu Thames ndi mitsinje yothira mmenemo. Omwe anagula pambuyo pake, kuphatikizapo thumba la penshoni la OMERS la ku Canada ndi la USS la ogwira ntchito m'mayunivesite a ku Britain, anapeza nyumba itadyedwa kale ndi chiswe. Chiwongoladzanja chitakwera kuyambira 2022, zinthu zinafika pothina, makamaka popeza gawo lalikulu la ngongoleyo limakula zinthu zikamakwera mtengo. Mu Malichi 2024 eni masheya anakana kuikamo £500 miliyoni yomwe ankayembekezeredwa, ndipo mwezi wotsatira kampani yaikulu ya pamwamba pake, Kemble, inalephera kubweza ngongole. Mu Febuluwale 2025 khoti linavomereza ngongole ina yadzidzidzi ya £3 biliyoni pa chiwongoladzanja chokwera. Mu Meyi Ofwat inatchaja Thames Water chindapusa cha pafupifupi £123 miliyoni, mbali ina chifukwa cha zonyansa, ina chifukwa chogawa phindu mosayenera. Mu Juni kampani ya KKR ya ku America, yomwe inkafuna kuigula, inabwerera m'mbuyo, n'kusiya omwe anaibwereketsa ndalama akukambirana ndi boma, uku akupempha kuti awafewetsere zindapusa.

Oikira kumbuyo makampani ali ndi mfundo zomwe sitiyenera kuzinyoza. Amati aika ndalama zoposa £150 biliyoni chiyambire 1989, kuposa zomwe boma linkaika. Madzi a pampopi ku England ndi ena mwa abwino kwambiri padziko lonse, ngakhale kuti tizilombo tomwe tinadwalitsa anthu ku Brixham mu Meyi 2024 tinakumbutsa anthu kuti zimenezi sizingochitika zokha. Magombe ndi oyera kuposa m'ma 1980. Ngalande yaikulu ya Thames Tideway, yotalika makilomita 25, inamalizidwa kulumikizidwa mu 2025 ndipo ikugwira zonyansa zomwe zikanathera mumtsinje. Amanenanso kuti andale ndi Ofwat ankaumiriza mabilu otsika kwa zaka zambiri chifukwa ndi zomwe zimakondweretsa ovota, ndipo mapaipi osaoneka ndi amene ankalipira mtengo wake. Apa akunena zoona. Boma linachepetsa ndalama za Environment Agency, ndipo kuyambira 2009 makampani analoledwa kudziyeza okha zomwe akutaya. Zambiri zomwe zaululika zinafukulidwa ndi anthu wamba: asodzi, osambira m'mitsinje, gulu la Surfers Against Sewage lomwe linayambira ku Cornwall mu 1990, la Windrush Against Sewage Pollution, ndi Feargal Sharkey, woimba wakale yemwe wakhala munga kwa makampaniwa.

Kuyerekeza sikufuna kupita kutali, chifukwa m'dziko lomweli la United Kingdom muli njira zinayi, kuphatikizapo ya ku England ija. Ku Scotland anakana: pa voti ya m'chigawo cha Strathclyde mu 1994, anthu 97 pa 100 alionse omwe anavota anati madzi asagulitsidwe, ndipo kuyambira 2002 amayendetsedwa ndi Scottish Water, ya boma. Mabilu ake ndi otsikirapo, phindu limabwerera m'mapaipi, koma kwa nthawi yaitali timakomo take tochepa chabe ndi tomwe tinali ndi zoyezera, kotero kuyera kwa mbiri yake mbali ina kunali kusayeza. Ku Wales, kuyambira 2001 Welsh Water ili m'manja mwa Glas Cymru, kampani yopanda eni masheya, yomwe imabwereka pa msika koma osagawira aliyense phindu. Komabe mu 2023 inavomera kuti yakhala ikutaya zonyansa mosaloledwa, makamaka ku Cardigan. Ku Northern Ireland madzi ndi a boma ndipo mabanja salipira bilu yapadera, koma ndalama zochokera ku boma n'zochepa mwakuti m'madera ena nyumba zatsopano zikulephera kumangidwa chifukwa ngalande zadzaza. Ife a ku Malawi, komwe ma water board onse asanu ndi a boma, sitifuna wotiuza kuti umwini wa boma pawokha sutulutsa madzi pampopi, makamaka pomwe maofesi a boma lomwelo ndi amene amachedwa kulipira mabilu.

Kunja kwa Britain, mzinda wa Paris unalanda madzi ake kwa makampani a Veolia ndi Suez mu 2010 mapangano atatha, n'kukhazikitsa Eau de Paris. Berlin inagulanso masheya ake pofika 2013. Koma Paris sinagulitsepo mapaipi, inangobwereketsa ntchito yoyendetsa. England inagulitsa zonse, mapaipi, madamu ndi malo omwe, ndipo n'chifukwa chake kubwerera n'kovuta. Dziko la Netherlands, lomwe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malo ake lili pansi pa mulingo wa nyanja, linaletsa mwalamulo makampani a phindu kugawa madzi akumwa, ndipo ntchito ya zipupa zotchinga madzi ndi kuyeretsa zonyansa ili ndi mabungwe 21 omwe atsogoleri ake amasankhidwa pa voti ndipo amatolera msonkho wawowawo. Msonkho umenewo nduna ya zachuma singaupatutse kukatseka dzenje lina.

Boma la Labour lakana zolanda makampaniwa, ponena kuti zingadye pafupifupi £100 biliyoni. Nambala imeneyi imachokera pa mtengo womwe Ofwat imawerengera chuma cha makampani, osati pa zomwe munthu angalipire pa msika pogula kampani yomira m'ngongole, yomwe eni ake ena analemba kale m'mabuku awo kuti masheya awo alibenso mtengo. Komiti ya Sir Jon Cunliffe, yomwe inapereka malingaliro 88 mu Julayi 2025, kuphatikizapo kuthetsa Ofwat n'kupanga bungwe limodzi loyang'anira, inauzidwiratu kuti nkhani yobwezera madzi ku boma isaikhudze. Lamulo la Water (Special Measures) Act la 2025 likulola kuletsa mabonasi a mabwana a makampani oipitsa mitsinje. N'zabwino, koma bonasi ya bwana ndi kadontho poyerekeza ndi chiwongoladzanja.

Kuona kwanga n'kwakuti ndalama zokonzera mapaipi zidzachokera kwa wolipira bilu, kaya mwini wake ndi ndani. Amene akulonjeza madzi oyera popanda mabilu kukwera akunama. Kusiyana kuli pa gawo la bilu lomwe limafika m'paipi. Boma limabwereka motsika mtengo kuposa kampani, ndipo bungwe lopanda eni masheya siligawa phindu. Wogula masheya amalandira phindu chifukwa amati wavomera kuluza zinthu zikavuta. Ngati zikavuta akupempha kuti bilu ikwere ndi chindapusa chichotsedwe, ndiye kuti woluza ndi kasitomala, ndipo phindu lija linalibe maziko. Lamulo lili nayo kale njira yotchedwa special administration, pomwe boma limagwirizira kampani yakugwa, madzi osasiya kutuluka, obwereketsa n'kuluza gawo la ndalama zawo. Thames Water ikanadutsa mmenemo n'kutuluka ngati ya ku Wales kapena ya chigawo, yokhala ndi malire a ngongole olembedwa m'lamulo, ndalama zake zosakhudzidwa ndi nduna, ndi oyeza zonyansa omwe si antchito ake, makampani enawo akanaphunzirapo kuposa pa chindapusa chilichonse.

Ngakhale zitatero, paipi yokha singameze mvula ya masiku ano. Kulekanitsa mapaipi a mvula ndi a zimbudzi m'dziko lonse kungafune kukumba pafupifupi msewu uliwonse wa m'tauni. Chotsika mtengo ndi kuletsa mvula kulowa m'paipi: maiwe, timinda tomwa madzi m'mphepete mwa misewu, miyala yoyala pansi yolola madzi kulowa m'nthaka. Lamulo la Flood and Water Management Act la 2010 lili ndi gawo lokakamiza omanga nyumba zatsopano kuchita zimenezi. Wales inayamba kuligwiritsa ntchito mu 2019. Ku England maboma otsatizana akhala akulizengereza, ndipo womanga nyumba ali ndi ufulu wolumikiza ku ngalande yodzaza kale, kampani ya madzi osatha kumukaniza. Pakali pano Ofwat inavomereza mu Disembala 2024 kuti makampani agwiritse ntchito £104 biliyoni pofika 2030, ndipo mu Epulo 2025 bilu ya banja wamba inakwera ndi £123 kufika pa £603 pachaka. Kwa amene zamuthina, kampani iliyonse ili ndi mtengo wotsitsidwa wa mabanja opeza zochepa, womwe umafuna kuupempha, ndipo kuyambira 1999 lamulo sililola kudulira banja madzi chifukwa cha ngongole ya bilu.